Mmene Fomani Anandiyendetsera ku Nkhata Bay

Mukumuseka mnzathuyu chifukwa anagwa panjinga pamaso pa apongozi ake? Zimenezo n'zazing'ono abale, panjinga aliyense amagwa. Khalani bwino ndikuuzeni zanga, za tsiku limene ine mwana wa ku Dowa, kalaliki wa boma wodziwa kulemba pamakina ndi zala zonse, ndinabwereka galu wa eni ake n'kumumanga chingwe m'khosi kuti ndione chimene azungu amapezamo.

Inali nthawi ya chitaganya, m'zaka za m'ma fifite muja, ndili mnyamata, atangonditumiza kukagwira ntchito pa boma ku Nkhata Bay. Nyanja ndinali ndisanaionepo chibadwire. Tsiku loyamba nditaona tizilombo tija amati nkhungu titaima pamadzi ngati utsi, ndinathamanga kukauza mesenjala kuti sitima yapsa, iye n'kundiyankha modekha kuti ada, izo ndi ndiwo. Ndiye mwaona mtundu wa munthu amene ndinali. Chilichonse ndinkafuna ndichidziwe, ndichigwire, ndichinunkhize, moti mayi anga ankanena kuti ine ndidzafa nditasuzumira mumphika wa eni.

Pa ofesi pathupo panali mzungu wina wamtali, woona za misewu, dzina lake tilisiye. Tikaweruka madzulo, iye ankatenga galu wake, kumumanga kalamba m'khosi, n'kutsika naye njira ya kugombe. Alibe mfuti, alibe thumba, alibe mbedza. Pobwera manja ali lendee, osagwira ngakhale njiwa, koma munthu akuimba mluzu ngati wapha nyati. Zimenezi zinandivutitsa maganizo. Kwathu galu amayenda ndi munthu pokasaka, ndipo mukabwera chimanjamanja mumalowera kuseri kwa nyumba. Tsiku lina ndinamufunsa khukhi wake.

"Kodi bwana amakasaka chiyani kunyanjaku?"

"Palibe."

"Nanga amakaona ndani?"

"Palibe. Amayendetsa galu."

"Galuyo sadziwa kuyenda yekha?"

Khukhi anangondiyang'ana n'kupitiriza kusenda mbatata zake. Ine mumtima ndinati ayi, pali kanthu apa. Munthu wa sukulu chotere sangamatope tsiku ndi tsiku popanda phindu, ndipo ngati sakundiuza ndikazionera ndekha.

Koma kuti mumvetse kukula kwa tsoka langa, ndiyambe ndakuuzani za Estere. Estere anali mtsikana wa m'kwaya kutchalitchi kwathu, mwana wa a Manda, ndipo kwawo kunali kumtunda, ukadutsa gombe la Mwaya n'kukwera m'minda ya chinangwa. Tinali titalankhulana kangapo potuluka m'mapemphero, iye n'kundiuza kuti mtima wake sukukana, koma bambo ake afikiridwe mwa njira yake. Ndipo bambo akewo sanali amasewera. A Manda anali mkulu wa mpingo, anakhalitsa ku Halale pantchito, ndipo tayi ankavala ngakhale popita kukazula chinangwa. Atonga ndi kutchena, mukudziwa inu. Panali mbiri yoti mnyamata wina anapita yekha kukafunsira mkulu wake wa Estere, a Manda anamubweza asanakhale n'komwe pampando, ndipo nkhani yake inathera pomwepo.

Ndiye ine ndinachita zanzeru, ndinapeza thenga. Thenga ndi munthu wamkulu amene umamutuma kukakulankhulira kwa makolo a mkazi, iwe uli phee kwanu. Langa linali a Longwe, mphunzitsi wamkulu wa imvi zake, ndipo anandilangiza atandigwira dzanja.

"Mwana wanga, kuona maso a nkhono n'kudekha. Sukulu ikatsekera ndipita ndine. Kufikira pamenepo phazi lako lisaponde pakhomo pa a Manda, ngakhale mthunzi wako usadutsepo. Ukakaonekako wekha, mkazi wamutaya."

Ndinavomera ndi mtima wonse. Ndinalibe ganizo lopita kumeneko, ndikulumbira. Ine changa chinali galu basi.

Galu ndinalibe, koma eni nyumba imene ndinkagonamo, a Mhone, msodzi amene anagwirapo ntchito m'migodi ya ku Joni, anali naye wofiirira, wa khutu limodzi logwa. Anamutcha Fomani, dzina la kapitawo wa kumigodi, chifukwa anthu akamakoka khoka iye ankangokhala pamwala n'kumayang'anira. Loweruka lina titaweruka masana ndinakawapempha.

"Mukufuna mukasake, ada kalaliki?"

"Ayi, ndikangomuyendetsa."

A Mhone anayang'ana galu, anayang'ana ine, anayang'ananso galu. "Miyendo yake ili bwinobwino ameneyu."

"Ndikudziwa. Ndikufuna ndione kanthu kena."

Anadula chingwe cha khoka lakale n'kundipatsa, akupukusa mutu. Ine ndinalowa m'nyumba kukavala, chifukwa ukafuna kuyesa mankhwala uyenera kutsata malangizo onse. Kabudula woyera wosita bwino, malaya oyera, masitokeni ofika m'mawondo, nsapato zopolisha ndi chipewa. Nditatuluka akazi a a Mhone anafunsa ngati kuli gule wa malipenga.

Vuto loyamba linali lakuti Fomani chibadwire anali asanamangidwepo. Nditangomuveka chingwe anakhala pansi n'kukana kusuntha, ndiye kuchokera pakhomo mpaka pamsika ndinachita kumukoka, matako ake akulemba mzere m'fumbi, amayi ogulitsa usipa akugwirana mapewa ndi kuseka. Titangodutsa msika anasintha maganizo, n'kuyamba iye kundikoka ine, moti motsetsereka mwa kugombe muja ndinatsika chothamanga, dzanja lina litagwira chipewa. Mzungu uja sindinamuonepo akuthamanga chotero, koma ndinati mwina poyamba zimatero.

Titafika m'mbali mwa madzi zinthu zinakhala bwino pang'ono, ndipo ndisaname, ndinayamba kusangalala. Njira inkakwera pamiyala, kutsika pamchenga, kukweranso. Madzi anali mbee, mpaka ndinkaona tinsomba tabuluu ndi tachikasu tikudya ndere pamiyala, ine n'kumadzifunsa kuti kodi utoto umenewu timautenga kuti, nanga bwanji suchoka m'madzi? Pena ndinaima kuonerera munthu akusema bwato, pena akulu akusoka maukonde chala chakuphazi chitakola ulusi. Fomani ankanunkhiza mwala uliwonse ngati akufuna kuugula. Ndinati ehe, mwina ndi zimenezi, mwina chinsinsi chili pafupi.

Cha ku Mwaya ndinapeza amayi akuyanika usipa, ndipo mmodzi anaweramuka.

"Timuwoneni ada! Muluta nunkhu?" Uko ndiko kufunsa kwawo kuti mukupita kuti.

"Yewu ama. Ndikungoyenda."

"Eya, kuyenda tikuona. Kupita kuti?"

"Palibe kumene ndikupita."

Abale, mukanaona mmene gombe lonse linadabwira. Amene ankasoka anasiya kusoka. Mayi uja anayang'ana nsapato zanga, masitokeni, chingwe, galu, kenako anafunsa motsitsa mawu ngati mutu ukundipweteka. Kumbuyo kwanga ndinamva bambo wina akuti ameneyu wabwera kudzawerenga mabwato, a chitaganya akufuna msonkho wina. Mkulu wina anavomereza kuti inde, galu wamkota sakandira pachabe, munthu wa boma sangavale chonchi kuti angowomba mphepo. Koma mawu amene anandilasa anali a mtsikana wina amene ananong'oneza mnzake mokweza kuti kalaliki wa ku Dowa uja wazungulira mutu.

Wazungulira mutu! Tangoganizani mbiri imeneyo itakwera phiri n'kukafika m'makutu mwa a Manda, a Longwe asanapite n'komwe. Ndani angapereke mwana wake kwa munthu wamisala woyenda ndi galu pachingwe? Ndinaona kuti pafunika malo, malo alionse, bola ndikhale munthu wopita kwinakwake ngati anthu ena onse. Ndipo mbali imeneyo dzina limene ndinkalidziwa linali limodzi lokha, lomwe linkagona m'mutu mwanga usana ndi usiku.

"Ndimaseka chabe ama," ndinatero. "Ndikulowera chakumtundaku, cha kwa a Manda uko."

Ine ndinkatanthauza mbali yake chabe, monga munthu anena kuti mvula ikuchokera cha ku Mzimba. Koma nkhope zonse zinamasuka nthawi yomweyo.

"Oo, kwa a Manda! Bwanji osanena kale? Mwachita bwino ada, akazi awo ndi alamu anga. Muwatengereko tindiwo iti, muwauze kuti zachokera kwa NyaKamanga."

Ndisanatsegule pakamwa, m'dzanja langa munali luzi, ndipo paluzipo pakulendewera nsomba ziwiri zikuluzikulu za batala, zonona, mafuta akuchita kung'anima. Ndikanakana bwanji? Kumeneko munthu wopita kwina ali chimanjamanja ndi lole ya mudzi wonse, ndipo kukana kutumidwa ndi mwano woposa kutukwana. Ndinalandira ndi manja awiri, mumtima ndikuti palibe kanthu, ndikapeza munthu wolowera komweko ndimupatsira, ine n'kubwerera.

Njira inasiya nyanja n'kuyamba kukwera. Pakhonde la nyumba ina pansi pa mtengo wa mango panali telala akupalasa makina ake, ndipo atandiona anaimitsa phazi.

"Ndinu amene mukupita kwa a Manda?"

Ndinadabwa. Wamva bwanji? Palibe amene anandipitirira panjira, ndinali ine ndi galu basi. Akulu ananena kuti ukayenda siya phazi, ukasiya mlomo ukaupeza patsogolo, ndipo wangawo unali utandidutsa kale osandipatsa moni. Telala analowa m'nyumba n'kutuluka ndi phukusi lokulunga m'pepala.

"Diresi la mwana wawo Estere ili, ndalimaliza dzulo. Musalikwinye."

Diresi la Estere, m'manja mwanga! Mtima unagunda kawiri, kamodzi ndi chimwemwe, kamodzi ndi mantha. Ndinalipanira m'khwapa n'kupitiriza, ndikuyang'ana uku ndi uku kuti ndipeze womutuma, koma aliyense amene ndinakumana naye ankatsika, wokwera ndinali ndekha.

Pakati pa minda ya chinangwa bambo wina anandikuwira ali m'mizere. Anabwera akupukuta thukuta, khasu lili m'manja, n'kunena kuti analibwereka kwa a Manda dzinja lapitalo ndipo manyazi ankamuletsa kulibweza yekha, ndiye Chiuta wandituma ine. Ndipo poti analisunga nthawi yaitali, silingabwerere lokha. Anathamangira kunyumba kwake n'kubwera ndi tambala wofiira womanga miyendo.

Tsopano tandijambulani m'maganizo mwanu. Khasu paphewa, tambala m'khwapa lamanzere, diresi m'khwapa lamanja, nsomba zikulendewera kudzanja limodzi, chingwe cha galu ndachikulunga kudzanja linalo, chipewa chapendekeka ndipo palibe dzanja lochikonzera. Ine pamenepo ndinkangodandaula kulemera. Nzeru zinandibwerera pamene atsikana ena osenza nkhuni anapatuka panjira, kundiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi, mmodzi n'kuimba nthungululu. Ndinaima chilili. Kodi mnyamata wosakwatira, wovala zoyera ngati mngelo, atanyamula khasu, tambala, nsalu ndi ndiwo, akulunjika kunyumba kumene kuli namwali, akukatani? Ngakhale mwana woyamwa akhoza kuyankha.

Mawu a a Longwe anandilira m'khutu. Ndinatembenuka kuti ndithawe, zibwerere kwa eni ake zinthuzi, anditukwane ngati akufuna. Koma Fomani anakana. Galu amene pamsika paja ndinachita kumukoka, tsopano anali atatsamira kutsogolo, lilime panja, akukoka chokwera ngati ng'ombe yapangolo, ndipo pamphambano iliyonse ankasankha njira osanunkhiza n'komwe. Ndinadabwa kuti njira imeneyi akuidziwa bwanji, koma nthawi yofufuza panalibe. Ndinaonanso kuti dzanja la nsomba lapepuka. Poyang'ana, mayo ine! Nthawi yonse imene ndinkalimbana ndi tambala, bwana Fomani ankadya batala chapansipansi tikuyenda. Ina inali itatsala mutu ndi kamsana, inayo inalibe mchira.

Kutsogolo ndinamva mawu a amayi kukamtsinje, ndipo fungo linandiuza kuti ndi pamene amaviika chinangwa. Amene simunafikeko kumeneko, amakumba maenje m'mbali mwa madzi, n'kuikamo chinangwa chosenda kuti chivunde, chikafewa ndiye amayanika n'kusinja ufa wa kondowole. Kondowole ndi wokoma, ndimamudya mpaka lero, koma madzi a m'maenje amenewo fungo lake limakafika kumwamba. Ndinati chipulumutso changa ndi chimenechi. Ndiwasiyira amayiwa katundu yense, ndiwapemphe akapereke, ine ndimunyamule galuyu ngakhale pamutu n'kutsika phiri.

Ndinafika m'mphepete mwa dzenje, ndinawerama mwaulemu kuti ndipereke moni, ndipo powerama khwapa linatseguka. Tambala anapupuma, phaphapha, n'kudumphira tsidya. Fomani anamulumphira, chingwe chinandizungulira miyendo yonse iwiri, khasu linandikokera kumbuyo, ndipo ine kalaliki wa boma ndinalowa m'dzenje la chinangwa chagada, khuvuu!

Chimodzi chokha ndimadzitama nacho pa tsiku limenelo. Pogwa ndinakweza diresi m'mwamba, moti amayi aja atasiya kukuwa anaona dzanja lokha litatuluka m'madzi oyera ngati phala, litagwira phukusi louma bwinobwino.

Amene anandivuula anali mayi wamkulu thupi, wa mphamvu ngati mwamuna. Anandiimika, anandichotsa chinangwa pamutu, n'kundiyang'anitsitsa.

"Kodi uyu si kalaliki uja amayang'ana kwaya m'malo moyang'ana abusa?"

Anali azakhali ake a Estere, mlongo wawo wa a Manda. Pa amayi onse a m'boma la Nkhata Bay, anayenera kukhala iwowo basi.

"Ama, pepani, ndimati ndikusiyireni katunduyu, ine ndibwerere."

"Mubwerere chonchi? Anthu adzati kwa Manda mlendo amagwa m'dzenje n'kumubweza osamupatsa madzi? Tiyeni. Nkhani yanu yafika kale, akukudikirani."

Anatola tambala n'kundibwezera m'khwapa, khasu anandiika paphewa, zotsala za nsomba anandikoleka pachala, iwo kutsogolo, ine pakati, amayi ena kumbuyo akutseka mphuno ndi nsalu. Nsapato zinkalira fwa, fwa, fwa, ndipo ntchentche za dera lonselo zinabwera kudzandiperekeza.

Pakhomo tinapeza anthu atakhala kale, mphasa zoyala, ana ali pamzere. Pansi pa mtengo wa mango, pampando wa ndalema, panali a Manda, jekete, tayi, nsapato zakuda, manja ali pandodo. Pakhomo la khitchini ndinaona Estere. Ndinkayembekeza kuti mwina aseka, koma sanaseke. Anandiyang'ana kamodzi, anagwira pakamwa, n'kulowa m'kati. Apo ndiye ndinamva chisoni chenicheni, abale. Fungo, manyazi, masitokeni, zonsezo zinali zazing'ono. Ndinadziwa kuti ndamutaya mtsikana amene ndinkamukonda, ndipo ndamutaya chifukwa cha galu wobwereka.

Ndinanjuta patali, madzi akudontha. Pamenepo Fomani anapotoza mutu, chingwe chinavuka, anathamanga molunjika kwa a Manda n'kudzigwetsa chagada pamapazi awo, mchira ukusesa pansi. Kuseri kwa nyumba kunatuluka galu wamkazi wokalamba, wofiirira, wa khutu limodzi logwa, n'kuyamba kumunyambita. A Manda sanayang'ane pansi. Maso awo anali pa ine.

"Ada kalaliki," anatero m'Chinyanja chawo cha ku Halale, "katunduyu ngwa ndani?"

"Ngwanu, ada. Nsombazi zachokera kwa NyaKamanga."

"Nsomba, kapena mitu ya nsomba?"

"Zinali nsomba ponyamuka, ada. Diresili lachokera kwa telala. Tambalayu ndi wa bambo wa m'munda uja, akuti zikomo chifukwa cha khasu. Khasuli ndi lanu lomwe."

Anatambasula dzanja, ndinawapatsira khasu chokwawa, analitembenuza n'kuona chizindikiro chawo pampini.

"Orayiti. Zaka zonse ndakhala pa dziko lino, ndaona anyamata amwano, ndaona anyamata aumphawi. Koma wobwera kudzafunsira mwana wanga ndi khasu langa lomwe, ndinu woyamba."

"Ayi ada, sindinabwere kudzafunsira!"

Azakhali aja anatembenuka ngati awaponda. "Simunabwere kudzafunsira? Ndiye kuti mwana wathu simukumufuna? Kumuyang'ana konse kuja m'tchalitchi n'kumuseweretsa?"

"Ndikumufuna!" Ndinakuwa, ndipo mawu anatuluka aakulu kuposa mmene ndinkafunira, mpaka nkhuku zinabalalika. "Ndikumufuna kwambiri!"

Bwalo lonse linamva, a tsidya la mtsinje anamva, ndipo m'khitchini munagwa mbale. Ndinali nditanena ndi pakamwa panga, pakhomo pa a Manda, ndikununkha chinangwa, mawu amene a Longwe ankawakonzekera ndi miyambi yawo kwa mwezi wathunthu.

"Mukumufuna," anatero a Manda pang'onopang'ono. "Nanga thenga lanu lili kuti?"

Bodza linali litanditopetsa, ndipo linali litandisenzetsa zokwanira. Ndinawauza zonse. Za mzungu wa misewu, za kalamba m'khosi mwa galu, za mluzu, za khukhi, za mtsikana wa ku Mwaya amene anati ndazungulira mutu, za dzina lawo limene linangotuluka lokha. Ndinawauza kuti a Longwe anandiletsa, ndipo ine ndinkangofuna kudziwa chimene azungu amapeza poyendetsa galu.

A Manda anandiyang'anitsitsa. Kenako ndinaona ndodo yawo ikunjenjemera, ndipo ndinaganiza kuti akukonzeka kundimenya nayo. Anasendeza mpando kutsogolo, ngakhale fungo linali lomwe lija, n'kutsitsa mawu.

"Mnyamata iwe, ine ku Halale ndinkagwira ntchito m'nyumba ya mzungu. M'mawa uliwonse ankandipatsa agalu awiri kuti ndikawayendetse, Lamlungu n'kumawayendetsa yekha, akusangalala. Zaka zonsezo ndinkadzifunsa kuti kodi munthuyu amapezamo chiyani, ndipo ndinabwerako osadziwa. Koma ine ankandilipira. Iwe wachita mwaulere, ndi mtima wako wonse. Tandiuza, wapeza chiyani?"

Ankafunsadi moona, maso ali tcheru ngati mwana wasukulu. Ndinadziyang'ana, ndinayang'ana katundu ali pansi.

"Ndapeza khasu, ada. Ndi tambala."

Anayesa kudzigwira, anakhosomola, anakonza tayi, koma zinakanika. Mkulu wa mpingo anaseka mpaka ndodo inagwa, misozi ikutsika, azakhali anakhala pansi n'kumamenya mphasa, ana akugubuduka m'fumbi. Ine ndinangoti njuu pomwepo, osadziwa ngati kuseka kumeneku ndi kwa moyo kapena kwa imfa. Atapuma anapukuta m'maso ndi mpango n'kuloza Fomani, amene anali akadali chagada pamapazi awo.

"Mwambo umati thenga likhale lodziwika mbali zonse ziwiri. Ili tikulidziwa. Linabadwira kuseri kwa khitchini iyo, mayi ake ndi awa, ndinalipereka ndine kwa a Mhone lili kamwana. Njira silinasokere, mwini nkhani lamufikitsa, pamenepo lagwira ntchito. Koma thenga lodya katundu panjira ine sindilankhula nalo." Anaimirira n'kukonza jekete. "Lero sindinakuoneni, ada kalaliki. Kunabwera galu wathu kudzaona mayi ake, basi. Kasambeni, mupite, mukatume la miyendo iwiri."

Madzi osamba anabweretsa ndi Estere. Anaika ndowa pansi kuseri kwa bafa la udzu, osandiyang'ana, milomo ataimanga zolimba, ndipo pochoka ananena motsitsa.

"Munandilonjeza kuti mudzatuma munthu wolemekezeka, wodziwika kwathu kuno. Sindinadziwe kuti mukunena Fomani."

Ndinatsika phiri nditavala buluku la a Manda lofika m'akakolo ndi malaya awo akale, zovala zanga zili m'manja, galu akuyenda yekha patsogolo wopanda chingwe, ali wosangalala ngati mzungu uja. A Longwe atamva anagwira kumutu, anandikalipira mpaka mawu anawathera, ndipo atapita kukalankhula sukulu itatsekera, akuti a Manda anawalandira ndi funso loti kodi ndinu wachiwiri wa Fomani? Sanandikhululukire msanga mkulu ameneyo. NyaKamanga nayenso, nthawi iliyonse tikakumana pamsika, ankafunsa ngati alamu ake anazikonda nsomba zija.

Amene akubwera ndi tiyi apowo ndi Estere yemweyo, mufunseni ngati ndawonjezera kanthu. Akuuzani kuti ndachepetsa fungo.

Chinsinsi cha mzungu ndinachitulukira pambuyo pake, ndipo n'chachifupi. Iye ankabwera akuimba mluzu chifukwa panjira palibe amene ankamufunsa kumene akupita, ndipo palibe amene akanayerekeza kumusenzetsa khasu. Ine kuyambira tsiku limenelo sindituluka pakhomo ndisanadziwe kumene ndikupita, ndipo ndimanyamula kanthu m'manja onse awiri ngakhale ndikungopita kuseri. Mukadzandionanso ndagwira chingwe kumapeto kwake kuli galu, galuyo mumumasule, chingwecho mumange ine.